Momwe Mungasungire Chizungulire kwa Zaka Zambiri

Chizungulire chambiri chimatha. China chimachoka chokha pakapita masabata angapo, china amachichotsa pabedi la kuchipatala m'mphindi khumi, popanda jakisoni ngakhale piritsi. Kuti chikhazikike mwa inu chaka ndi chaka, mpaka ana a pakhomo azolowere kuyenda monyang'ama poopa kukudzutsani, pamafunika inuyo muchitepo kanthu. Zoti muchitezo ndi zimene ndalemba pano. Ndi zinthu zimene anthu abwinobwino, okonda moyo wawo, amachita tsiku lililonse poganiza kuti akudzisamala, ndipo chilichonse mwa izo chimatalikitsadi matendawa. Zimandipweteka kuti n'zosavuta chonchi.

Yambani ndi kudziuza nokha chimene chakuvutani musanaonane ndi aliyense. Kwathu kuno yankho limakhala lokonzeratu: magazi achepa. Wiritsani masamba a mapeyala, gulani chidede pamsika, muzimwa m'mawa ndi madzulo kwa miyezi ingapo. Musapite kukayezetsa magaziwo, ngakhale kuyezako kumangofuna kadontho kamodzi ka pachala. Kuchepa kwa magazi kulipo ndithu, ndipo kumasautsa ambiri: amayi oyembekezera, amayi otaya magazi ochuluka pa nthawi ya msambo, anthu amene malungo amawagwira pafupipafupi, a likodzo, a njoka zam'mimba. Koma munthu wochepa magazi amafooka, amachita phuma pokwera chitunda, mtima umathamanga, akadzuka mwadzidzidzi m'maso mumachita mdima. Amene denga limamuzungulira akangotembenuka pamphasa, vuto lake nthawi zambiri lili m'kati mwa khutu, kumene chidede sichifika. Ndipo ngati magazi achepadi, popanda kuyezetsa simudzadziwa kumene akuthawira. Mudzangomwa masamba pamene likodzo kapena chilonda cha m'mimba chikupitiriza kukudyani. Mukatopa ndi za magazi, nenani kuti ndi malungo, mumwe LA osayezetsa. Akapanda kuthandiza, nenani kuti ndi BP, mupemphe mapiritsi kwa anansi amene amalandira kuchipatala. Mapiritsiwo akatsitsa BP imene inali bwinobwino, mudzakhala ndi zizungulire ziwiri m'malo mwa chimodzi.

Tsiku limene mudzapite kuchipatala, lankhulani pang'ono. Akafunsa chimene chikukuvutani, nenani kuti, "Chizungulire basi, adokotala," mukhale chete. Kumbuyo kwanu mzere ndi wautali, iwonso atopa, ndipo mudzatuluka ndi kapepala ka mankhwala pasanathe mphindi zitatu. Chimene mwabisa pamenepo ndi chida chachikulu cha wachipatala pa matenda amenewa, choposa makina onse: nkhani yanu. Chimayamba mukamatani? Chimakhala nthawi yaitali bwanji? Chimabwera ndi chiyani? Chizungulire chosakwana mphindi imodzi, chobwera mukamatembenuka pabedi, mukamawerama kusesa kapena mukamayang'ana kumwamba poyanika zovala, ndi matenda ena. Chokhala maola angapo, khutu limodzi likulira ndi kutsekeka, ndi matenda ena. Chogwetsa munthu masiku atatu osalekeza, akusanza, ndi china. Mdima wa m'maso wongobwera mukaimirira n'kutha mukakhala pansi umaloza ku BP, ku mtima, ku magazi kapena ku madzi a m'thupi. Chizungulire chobwera pamodzi ndi kudana ndi kuwala kapena phokoso chimakhala mbale wake wa mutu waching'alang'ala, ndipo nthawi zina chimabwera mutuwo usakupweteka n'komwe. Zonsezi thandizo lake n'losiyana. Mukazisakaniza n'kuzipereka ngati chinthu chimodzi, mudzalandira mankhwala ongoziziritsa, ndipo mwezi wamawa mudzakhalanso pamzere womwewo. Pitaninso nokha, musatenge mkazi wanu kapena mwana amene anakuonani mukugwa, pakuti iye akanakumbukira zimene inu simunazione.

Chofala kwambiri pa zizungulire zochokera m'khutu ndi chija cha pabedi, chimene achipatala amachitcha BPPV. N'chimenenso chimachizika mosavuta kuposa zonse, motero kuti muchisunge muyenera kudziwa bwino chimene mukuzemba. M'kati mwa khutu lililonse, m'fupa lolimba la chigaza, muli timachubu titatu tokhota todzaza madzi. Mukatembenuza mutu madziwo amasuntha, ndipo ubongo umalandira uthenga woti mutu watembenukira kwakuti. Pafupi ndi timachubuto pali kathumba kokhala ndi timiyala tosaoneka ndi maso, topangidwa ndi zomwezo zimene zimapanga chigoba cha dzira, tothandiza thupi kudziwa kumwamba ndi pansi. Chifukwa cha ukalamba, kumenyetsa mutu pangozi, kugona nthawi yaitali podwala, kapena popanda chifukwa chodziwika, timiyalato timathothoka n'kugwera mu kachubu kamodzi. Kuyambira tsiku limenelo, mutu ukangopendekera mbali yakutiyakuti, timiyala timagubuduka, madzi amasuntha, khutu limauza ubongo kuti mukuzungulira pamene maso akuti mwagona phee. Timiyala tikakhazikika, chizungulire chimaleka. N'chifukwa chake sichipitirira mphindi imodzi, ngakhale nseru ndi mantha zimatsala tsiku lonse.

Njira yoyezera inalembedwa mu 1952 ndi madokotala awiri a ku London, Margaret Dix ndi Charles Hallpike, ndipo siifuna magetsi. Amakukhazikani pabedi miyendo itatambasuka, amapotolera mutu wanu pakati pa kutsogolo ndi phewa, kenako amakugonekani chagada mofulumira, mutu utalendewera pang'ono kumapeto kwa bedi. Masekondi angapo pamakhala bata. Kenako chimabwera ndi mphamvu, manja anu amafwamba chovala cha adokotala, pakamwa pamatuluka "Mayo!" Iwo pa nthawiyo sayang'ana kwina koma m'maso mwanu, amene amakhala akudumphadumpha okha mopotoka. Kudumphako ndiko kumawauza khutu lodwala ndi kachubu kamene muli timiyala. Tsono inu kanani kugonekedwa, munene kuti munabwera kudzachira osati kudzaputa matenda. Mukalephera kukana, tsinzinani mwamphamvu mpaka zitadutsa. Mukhozanso kumwa piritsi la chizungulire musananyamuke kunyumba, kuti maso akafike atafatsa. Mwa njira zitatuzi, iliyonse imabweza wachipatala chimanjamanja.

Akapeza khutu lodwala, kuchiza kumachitikira pabedi lomwelo. Dokotala wina wa makutu wa ku Portland m'dziko la America, John Epley, anafalitsa njira yake mu 1992: kutembenuza mutu ndi thupi pang'onopang'ono, malo anayi motsatizana, kudikira theka la mphindi kapena kuposa pa malo alionse, mpaka timiyala titatuluka m'kachubu n'kubwerera m'kathumba kake. Mayi amene amapendeketsa lichero kuti timiyala ta mu mpunga tisonkhane mbali imodzi amvetsa msanga chimene chikuchitika. Odwala ambiri amachira ulendo woyamba kapena wachiwiri. Inu mukatuluka m'chipindamo, dandaulani kuti sanakupatseni kanthu, angokugwedezani mutu. Thandizo lenileni muziliyesa ndi diripi ndi jakisoni. Gulitsani mbuzi mukajambulitse khosi ndi mutu kuchipatala cholipira, ngakhale timiyalato sitioneka pa X-ray kapena pa sikani. Pa chithunzi cha khosi cha munthu aliyense wachikulire pamaoneka mafupa operepeseka, ndiye mudzapeza chifukwa chatsopano chosagwedezera mutu. Kunyumba muzigonera mbali imodzi yokha, mapilo atatu kumutu, ndipo potembenuka muzitembenuka thupi lonse pamodzi. Ngati muli ndi foni ya intaneti, tsatirani kanema wa njira ya Epley musakudziwa khutu lodwala, ndiponso osafunsa ngati khosi lanu ndi mitsempha yake zingapirire.

Pali china chimene chimandidetsa nkhawa ndi chizungulire cha timiyala: chimabwera n'kupita. Chikhoza kusautsa milungu itatu, n'kuleka chokha, n'kudzabweranso pakatha chaka. Motero aliyense amene anakuthandizani komaliza chisanaleke ndiye amatamandidwa. Ngati anali sing'anga, mphini za pachipumi ndi pakhosi ndizo zachiza. Ngati sing'angayo analoza munthu, chikadzabwerera mudzadziwa kale woti mumukwiyire, ndipo kawirikawiri amakhala gogo wina wosauka wa m'mudzi momwemo. Pemphero sililetsa munthu kukagona pabedi la kuchipatala, ndipo abusa ambiri amauza okha nkhosa zawo kuti zipite. Koma kuti matenda akhalitse, sankhani chimodzi musiye chinacho, ndipo chibale chimene chasweka chifukwa cha timiyala ta m'khutu muchisiye chosweka.

Tsopano mapiritsi. Stugeron, Stemetil, Phenergan, nthawi zina diazepam: awa ndi mankhwala abwino pa ntchito yake, imene ndi kuletsa kusanza ndi kugonetsa munthu pa masiku oyamba a chizungulire choopsa. Malangizo a madokotala amati asapitirire masiku atatu kapena pafupi pamenepo. Inu muziwamwa tsiku lililonse, akatha mugule ena, muziyenda nawo atakulungidwa pakona pa chitenje kapena m'thumba la jekete. Kuti mumvetse chimene mukudzichitira, taonani chizungulire chija chogwetsa munthu masiku atatu. Mtsempha wotenga uthenga kuchokera ku khutu limodzi umatupa, kawirikawiri chifukwa cha kachilombo, ndipo ubongo umayamba kumva khutu limodzi mokweza, linalo motsika. Mtsemphawo suchira wonse nthawi zonse. Chimene chimachiritsa munthu ndi chakuti ubongo umaphunzira kuwerenga uthenga wopendekerawo mwatsopano, pofananiza zimene makutu akunena ndi zimene maso akuona ndi zimene mapazi akumva pansi. Mapiritsi aja amagonetsa mbali yomweyo ya ubongo imene iyenera kuphunzira. Munthu amene akanachira pa milungu ingapo amafika mwezi wachisanu ndi chimodzi akadali kudzandira, ndipo akayesa kusiya mapiritsi amamva kuipiraipira, n'kutsimikiza kuti popanda iwo sangakhale. Kwa achikulire mankhwalawa amawonjezera zake: tulo tamasana, kuiwalaiwala, kugwa. Stemetil ndi Stugeron, munthu akawamwa nthawi yaitali, akhoza kuumitsa thupi ndi kunjenjemeretsa manja, mpaka abale n'kuyamba kufunafuna dzina la matenda achiwiri.

Pamodzi ndi mapiritsi, gonani. Tsekani makatani, musagwedeze mutu, ana akubweretsereni phala m'chipinda. Apa a pabanja ali ndi gawo lalikulu, ndipo amalichita chifukwa cha chikondi: "Amayi, khalani pansi, tisesa ndife." "Bambo, kumunda musapite, mungakagwe." Masiku awiri oyamba kugona n'koyenera. Kupyola pamenepo, tsiku lililonse la pamphasa limachedwetsa phunziro la ubongo lija. M'zaka za m'ma 1940, madokotala awiri a ku Britain, Terence Cawthorne ndi Frank Cooksey, posamalira anthu ovulala m'mutu pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi ena ochitidwa opaleshoni ya khutu, anaona kuti amene ankadzuka msanga n'kumayendetsa mutu ankachira mofulumira kuposa ogonekedwa. Mafizo amene anakonza akugwiritsidwabe ntchito mpaka lero, ndipo ena anawonjezedwa pambuyo pake. Ena mwa iwo ndi osavuta. Mumalemba chilembo chimodzi chachikulu papepala, n'kulimata pakhoma molingana ndi maso. Mumayang'anitsitsa chilembocho uku mukupukusa mutu ngati mukukana, pang'onopang'ono poyamba, chilembo chisasokonekere. Pakapita masekondi angapo m'mutu mumayamba kuyendayenda, kanseru kamabwera. Kameneko ndiko kantchito kake, pakuti ubongo suphunzira chimene sukukumana nacho. Mumapuma, kenako mumabwereza, kangapo pa tsiku, mpaka mutayamba kuchita muli chiimire, kenako mukuyenda. Kuzipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu kuli a mafizo amene angakulondolereni. Inu yesani kamodzi, chizungulire chikangoyamba musiye, muuze aliyense kuti mafizo anakuwonjezerani matenda.

Mukapirira pa kugona ndi kupewa kwa miyezi itatu, mukhoza kulandira chizungulire cha mtundu wina, chimene chimatsala matenda oyamba atapita kale. Timiyala tabwerera, mtsempha waphwa, koma thupi likadali tcheru usana wonse, likudikira kugwa. Nyumba siizungulira, koma pansi pamakhala ngati sipolimba, mutu umapepuka, ndipo zimakula mukaimirira, mukamayenda, makamaka pamalo pamene maso akuona zambiri zoyenda: mu msika wa Limbe tsiku lodzaza, pa depoti ya maminibasi, pakati pa nsalu zamitundumitundu zolendewera, ngakhale poyendetsa chala pafoni. Bungwe la akatswiri a za matendawa lotchedwa Bárány Society linalongosola zizindikiro zake mu 2017, ndipo amawatcha PPPD. Kuti akhazikike, lekani kupita kumsika, kenako kutchalitchi, kenako kumaliro a pafupi. Malo alionse amene mwawathawa amalimbikitsa mantha, ndipo mantha amaumitsa khosi ndi miyendo, n'kuchititsa maso kugwira ntchito imene makutu akanagwira. Wachipatala akatchula za nkhawa, kwiyani, munene kuti akukuyesani wamisala kapena wonamizira. Sakutero. Matendawa ndi enieni, ndipo amamvera mafizo, uphungu wothandiza munthu kubwerera pang'onopang'ono kumalo amene amawaopa, ndi mankhwala ena a nkhawa amene dokotala angalembe. Ndaona anthu olimba ntchito akusanduka alendo m'mudzi mwawo chifukwa chokana mawu amodzi amenewo, ndipo sindikhumba kuti zimenezi zichitikire wina aliyense.

Buku la kuchipatala lisiyeni kunyumba, mugule latsopano pageti ulendo uliwonse, kuti pasapezeke woona mankhwala onse amene mukumwa. Chizungulire chochuluka chimachokera m'mankhwala. A BP, makamaka okodzetsa aja, akhoza kutsitsa magazi mopitirira munthu akaimirira, kwambiri m'nyengo yotentha ya Okutobala, kapena pamene mukusala kudya, kapena mukutsegula m'mimba. Kuti zimenezi zisadziwike, lolani kuyezedwa mutakhala pampando basi. Musapemphe kuti akuyezeni mutagona kenako mutaimirira, chifukwa nambala yapamwamba ikatsika ndi 20 m'mphindi zitatu zoyamba, yankho lapezeka. A shuga monga glibenclamide amagwetsa shuga mwa munthu amene wamwa osadya, ndipo amabweretsa thukuta, kunjenjemera ndi chizumbazumba. Kwinini amachititsa makutu kulira. Efavirenz, amene anali m'ma ARV ambiri kuno asanayambe kusinthira anthu ku dolutegravir mu 2019, amadziwika ndi chizungulire ndi maloto oopsa. Majakisoni a gentamicin, ndi streptomycin kapena kanamycin amene ankabaya odwala TB, akhoza kuwononga ziwalo za m'makutu onse awiri mosabwereranso. Munthu wotero saona nyumba ikuzungulira, koma akamayenda zinthu zimadumphadumpha m'maso mwake, ndipo mumdima amalephera kuyenda. Mukayamba kumva zotere pakati pa majakisoni, khalani chete mpaka mutamaliza onse. Palinso njira ina yolakwitsira, yotsutsana ndi iyi koma yoopsa chimodzimodzi: mukakayikira mankhwala, asiyeni nokha, a BP ngakhale ma ARV, osauza amene anakulemberani, ngakhale iwo akanangosintha mlingo, nthawi yomwera kapena mtundu wake. Za mowa musatchule. Kachasu amasintha madzi a m'timachubu tija usiku womwewo, ndipo kwa zaka zambiri amadya mbali ya ubongo yoyendetsa miyendo.

Ngati chanu ndi chija cha maola angapo, khutu likulira ndi kugontha pang'onopang'ono, mwina ndi matenda amene dokotala wa ku Paris, Prosper Ménière, anawalongosola mu 1861. Odwala ake amalangizidwa kuchepetsa mchere, ndiye inu thirani wina pa ndiwo zothira kale, muwonjezere timakyubu tokometsera. Musakayezetse kamvedwe ka makutu, ngakhale ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli gawo la makutu, mphuno ndi mmero pamodzi ndi malo oyezera kumva, ndipo ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic. Khutu likamayabwa kapena kutsekeka, lowetsanimo nthenga ya nkhuku, kamtengo ka machesi, mafuta ophikira kapena madzi a masamba. Likamatuluka mafinya onunkha kwa zaka, tsekani ndi thonje muzolowere. Matenda a khutu lotuluka mafinya akhoza kudya fupa mpaka kufika pa timachubu tija, ndipo akafika pamenepo ubongo suli kutali.

Pali cholakwa chimodzi chimene sichitalikitsa matenda koma chimadula moyo, ndipo ichi chokha ndikupemphani ndi mtima wonse kuti musachichite. Ndicho kudikira kuti kuche. Sitiroko ya kumbuyo kwa ubongo imatha kuyamba ngati chizungulire wamba, ndi kusanza, nkhope isanapindike, mkono usanafe. Kafukufuku wa STEPS amene boma linachita pamodzi ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Choncho chizungulire chatsopano, chadzidzidzi, chosaleka, mwa munthu wachikulire kapena wa BP, shuga kapena wosuta fodya, n'chofunika kuonedwa tsiku lomwelo. Chikabwera ndi kuona zinthu ziwiriziwiri, lilime kulemera, kutsamwa pomeza, dzanzi kapena kufooka mbali imodzi, mutu kapena khosi kupweteka koopsa kumene simunakumvepo, kulephera kuima ngakhale kukhala tsonga osagwiriridwa, pezani galimoto usiku womwewo. Chimodzimodzi kukomoka, kupweteka pachifuwa, mtima kugunda mosalongosoka, chimbudzi chakuda bii, chizungulire chotsatira kugwa pa kabaza, ndi mayi woyembekezera amene mutu ukumupweteka, maso akuchita chidima kapena akutaya magazi. Khutu limodzi likagontha mwadzidzidzi, masiku oyamba ndiwo ali ndi mwayi wolipulumutsa. Zonsezi sizofunika piritsi la m'chitenje kapena kapu ya tiyi wa shuga wambiri. Ngakhale zizindikirozo zitaleka zokha pakatha mphindi khumi, pitanibe, chifukwa kawirikawiri limakhala chenjezo la sitiroko yaikulu.

Kwa agogo, njira yosungira chizungulire ndi yaifupi: nenani kuti ndi ukalamba. Achikulire ambiri amene ali ndi timiyala tija sanena kuti nyumba ikuzungulira. Amati miyendo yatha mphamvu, amayenda akugwira makoma, amaleka kusamba okha. Musawapititse kukayezedwa pabedi paja. Ng'ala ya m'maso muisiye, dzanzi la kumapazi la shuga mulisiye, ngakhale maso ndi mapazi ndizo zimathandiza makutu ofooka. Njira ya kuchimbudzi ikhale yamdima ndi yamiyala, tochi ikhale kwa adzukulu, ndodo muwaletse poti ikuchititsa manyazi pakhomo. Fupa la m'chiuno likathyoka pa msinkhu umenewo, ambiri sadzukanso pamphasa, ndipo gadiyani amene adzakhale nawo m'wodi miyezi ndi yemwe uja analibe tsiku limodzi lowaperekeza. Inu amene mukadali ndi mphamvu, pitirizani kukwera padenga kukafolera, kusuzumira m'chitsime, kuwerama pamoto mwana ali kumbuyo, ndi kuyendetsa njinga yamoto mutanyamula anthu, masiku amene chizungulire chikubwera mosachenjeza.

Ndipo ngati zinachitika kuti wina anakugonekani pabedi, anakutembenuzani mutu, n'kuchira, dziwani kuti timiyala timatha kuthothokanso pakapita miyezi kapena zaka. Zimachitikira anthu ambiri. Tsiku limenelo nenani kuti a kuchipatala analephera, musabwerereko, ngakhale njira yomwe ija imagwiranso ntchito kachiwiri ndi kachitatu, ndipo wachipatala akatsimikiza khutu lodwala akhoza kukuphunzitsani kuichita nokha kunyumba, mkazi wanu kapena mwana atakugwirirani mutu.